Tanthauzo la mawu akuti androgyny

Mawuwa anachokera ku Chigiriki: andros, mwamuna, ndi gyne, mkazi. Akatswiri ofufuza maganizo a anthu akamawagwiritsa ntchito sanena za thupi ayi. Amanena za munthu amene ali ndi makhalidwe otchedwa achimuna pamodzi ndi otchedwa achikazi, onse mokwanira.

Poyamba zimenezi zinkaoneka zosatheka. Mu 1936, ku America, Lewis Terman ndi Catharine Cox Miles anakonza mafunso oika umuna ndi ukazi ngati nsonga ziwiri za chingwe chimodzi. Ukayandikira kwina ndiye kuti watalikira kwinako, moti mwamuna wachifundo ankayesedwa woperewera umuna.

Sandra Bem, ali pa yunivesite ya Stanford, anatsutsa zimenezi mu 1974. Anandandalika makhalidwe 60: achimuna 20, achikazi 20, ndi ena 20 osakhala a mbali iliyonse. Munthu ankadziyeza yekha pa khalidwe lililonse, kuyambira 1 mpaka 7. Panapezeka anthu ambiri okwera mbali zonse ziwiri, olimba mtima ndi oima pa maganizo awo, komanso ofatsa ndi omvera ena chisoni.

Koma mawuwa ali ndi chofooka chimene sindingachibise. Amene anasankha kuti ili ndi khalidwe lachimuna, ili lachikazi, anali ophunzira a ku Stanford a nthawi imeneyo. Bem mwiniwake pambuyo pake anaona kuti mawuwa akusungabe malire omwe iye ankafuna kuwachotsa, ndipo mu 1981 anatembenukira ku funso lina: ana amaphunzira bwanji kugawa chilichonse kukhala cha amuna kapena cha akazi.