Kudziwa zipolopolo zoyenela mfuti yakale ya Lee-Enfield .303

Mfuti ya Lee-Enfield, imene ambili amangoicha .303, inayamba kugwila nchito m'gulu la asilikali a Britain mu 1895. Ndiyo mfuti imene asilikali a Northern Rhodesia Regiment ananyamula ku Somaliland ndi ku Burma pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Zina mwa mfutizi zikali m'manja mwa alenje ndi alimi, koma popeza n'zakale, cipolopolo colakwika cingathe kuphulitsa mfuti ndi kuvulaza mwini wake.

Coyamba ndico kuwelenga zolemba pa citsulo ca mfuti. Lee-Enfield yambili imalandila cipolopolo ca .303 British, cimene cimalembedwanso kuti 7.7x56R. Cigoba cake cili ndi mkombelo wotulukila kunja kumunsi kwake. Komabe si zonse zili telo. M'zaka za m'ma 1960 fakitale ya Ishapore ku India inapanga mfuti za 2A ndi 2A1, zofanana ndi .303 m'maonekedwe koma zolandila 7.62x51 NATO. Zinanso zinasinthidwa kuti ziziombela .22 kapena .410. Palinso cipolopolo ca .303 Savage ca ku America, cimene n'cosiyana kothelatu ngakhale kuti dzina likufanana. Mfuti yodindidwa zilembo DP inali yophunzitsila pelete cabe, ndipo siyenela kuombedwa konse.

Caciwili ndico kuyang'ana kumunsi kwa cigoba, kumene zipolopolo za asilikali zimaonetsa fakitale, caka ndi mtundu. Zolembedwa VII kapena 7 ndi za mtundu wa Mark VII, umene unayamba mu 1910 ndipo ndiwo unali wa mfuti za m'manja. Zolembedwa VIII kapena 8 zinapangidwila mfuti ya ciwaya ya Vickers, ndipo ndi bwino kuzipewa. Cilembo G cimasonyeza cipolopolo cowala poyenda, B cotentha moto, ndipo W coboola zitsulo. Izi si za ulenje, ndipo ziwili zoyambazo zingayatse chile m'cilimwe.

Cacitatu ndi ukalamba wa cipolopolo. Cigoba cong'ambika pakhosi, cophwanyika kapena cocita dzimbili lobiliwila cisalowe m'mfuti. Zipolopolo zakale nthawi zina zimacedwa kulila. Zikatelo, lozani mfuti kumene kulibe munthu ndipo dikilani mphindi imodzi musanatsegule. Mfuti ikalila mofooka, lekani kuombela ndipo onani ngati cipolopolo sicinatsakamile mumpope, cifukwa cotsatila cikagunda pamenepo mpope umaphulika. Zipolopolo zambili za nthawi ya nkhondo zimasiyanso mcele umene umadya citsulo. N'cifukwa cake asilikali anali kutsuka mpope ndi madzi owila, kuuumitsa ndi kuupaka mafuta.

Zipolopolo zatsopano za .303 British zikupangidwabe ndi makampani monga Sellier & Bellot ya ku Czech Republic ndi Prvi Partizan ya ku Serbia. Izi n'zodalilika kuposa zotolatola kapena zodzazidwanso wonga ndi munthu wosadziwika. Ngakhale zili conco, mfuti imene yakhala zaka zambili osaombedwa iyenela kupimidwa ndi katswili wokonza mfuti. Iye amaona ngati nambala ya pa citsulo cotsekela cipolopolo ikugwilizana ndi ya pa mfuti, ngati mpata wa kumbuyo kwa cigoba sunakule, ndiponso ngati mpope ulibe ming'alu.

M'dziko muno, lamulo la mfuti, limene ndi Mutu 110 wa malamulo a Zambia, limafuna kuti munthu akhale ndi laisensi asanasunge mfuti kapena zipolopolo. Amene wapeza mfuti ya malemu m'nyumba, kapena zipolopolo zokwililika m'munda, asaziyese ndiponso asaziponye pamoto. Adziwitse apolisi a kufupi ndi kwao.