Setilaiti sidziyeza yokha

Mu Disembala 1966 bungwe la NASA linaulutsa setilaiti yotchedwa ATS-1 n'kuikhazika pamwamba pa ikweta, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35,800 kuchokera pansi pano. Pa mtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi momwe dzikolo limazungulirira, ndiye kwa munthu amene ali pansi imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Inanyamula kamera yomwe anakonza a Verner Suomi ndi a Robert Parent a ku yunivesite ya Wisconsin. Setilaiti yonseyo inkapota maulendo 100 pa mphindi, ndipo ulendo uliwonse kamerayo inkajambula kamzere kamodzi ka dziko mpaka chithunzi chathunthu chitakwana. Anthu anayamba kuona mitambo ikuyenda, ikusonkhana, ikubalalika. Ambiri akamafotokoza mbiri ya makina amenewa amangondandalika makamera, kuti iyi inkaona bwino kuposa ija. Ine ndikuona kuti mbiri yeniyeni yagona pena. Yagona pa ntchito yosasangalatsa maso yosandutsa chithunzi kukhala muyezo, ndipo pa zaka zonsezi muyezo wa setilaiti wakhala ukukhulupirika pokhapokha wina atauyerekeza ndi chinthu cha kunja kwa setilaitiyo.

Kuti izi zimveke tiyambe ndi zimene setilaiti imatumiza pansi. Situmiza madigiri. Imatumiza manambala wamba, omwe pa makina oyambirira ankachokera pa 0 kulekeza pa 255, ndipo pa matchanelo ena (tchanelo iliyonse imaona mtundu wakewake wa kuwala) kulekeza pa 63 pokha. Nambala iliyonse imangonena kuchuluka kwa magetsi amene kachipangizo komvera kuwala katulutsa. Kuti munthu anene kuti nsonga ya mtambo wakuti yazizira kufika madigiri 60 pansi pa ziro, ayenera kudziwa kuti nambala yakuti ikuimira kuwala kochuluka bwanji. Pa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, komwe chinthu chilichonse chimatulutsa molingana ndi kufunda kwake, njira yake inapezeka msanga. Chipangizo chimayang'ana kuthambo kopanda kanthu, komwe kumazizira pafupifupi madigiri 270 pansi pa ziro, kenaka chimayang'ana kachitsulo kakuda ka m'kati mwa setilaiti kotchedwa blackbody, komwe kufunda kwake kumadziwika chifukwa kali ndi zoyezera zake. Malo awiri amenewa akadziwika, manambala a pakati amapeza tanthauzo. Izi n'zimene zinayamba kugwira ntchito pa masetilaiti a SMS-1 mu 1974 ndi GOES-1 mu 1975. Zipangizozi zinkayesedwanso mosamala zisananyamuke, m'zipinda zochotsedwa mpweya. Koma kugwedezeka kwa roketi, kutentha kwa dzuwa ndi kukalamba kwa magalasi zimasintha chipangizo, ndipo kumwambako kulibe mmisiri woti akwereko ndi sipanala.

Vuto linali lalikulu kwambiri pa tchanelo yojambula kuwala kooneka ndi maso. Kwa zaka zambiri masetilaiti a ku America ndi a ku Ulaya analibe choyezera tchanelo imeneyi m'kati mwawo, chikhalirecho inkafooka chaka ndi chaka, moti mtambo womwewo unkaoneka wodera pang'ono setilaiti ikamakalamba. Akatswiri anachita kusaka zinthu zosasintha m'chilengedwe. Anapeza zipululu, makamaka dera lina la mchenga ku Libya lomwe analitcha Libya-4, komwe kulibe zomera ndipo mitambo imabwera mwa apo ndi apo. Anapeza nsonga za mitambo italiitali ya mabingu m'madera otentha, zomwe zimawala pafupifupi mofanana kulikonse. Pa masetilaiti a GOES ankagwiritsanso ntchito nyenyezi, zomwe chipangizo chinkaziyang'ana kale pofuna kudziwa komwe chaloza. Kenaka panabwera mwezi, womwe nthawi zina umalowa m'mphepete mwa chithunzi. Ku Flagstaff, m'chigawo cha Arizona, a Hugh Kieffer ndi a Thomas Stone anatha zaka akuyeza kuwala kwa mwezi usiku ndi usiku, ndipo mu 2005 anatulutsa ndondomeko yowerengera momwe mwezi uyenera kuwalira pa tsiku lililonse. Ku Ulaya nako, Meteosat yoyamba ya mu Novembala 1977 ndi zina zotsatira zinkadalira za kunja ngakhale pa infrared. Tchanelo ya kufunda ankaiwongola poyerekeza ndi kufunda kwa madzi a m'nyanja zamchere, ndipo ya chinyezi ankaiwongola ndi zoyezera zouluzidwa ndi mabaluni. Zinatero mpaka chaka cha 2000, pamene blackbody ya pa Meteosat-7 inayamba kugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhawa za anthu ofufuza, kuti wolosera zanyengo amangofuna kuona komwe mitambo ili ndi komwe ikulowera, ndipo chithunzi chodera pang'ono sichimulepheretsa. Kumayambiriro mawu amenewa anali ndi nzeru. Koma chithunzi sichinachedwe kupatsidwa ntchito zofuna manambala. Njira ya a Vernon Dvorak yodziwira mphamvu ya namondwe, itakonzedwanso mu 1984, inayamba kudalira kusiyana kwa kufunda pakati pa diso la namondwe ndi mitambo yolizungulira. Kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, komwe ndege zoyeza anamondwe siziuluka mwa ndondomeko ngati ku Atlantic, likulu la zanyengo la ku La Réunion limadalira kwambiri setilaiti pouza maiko a kuno kuti namondwe ngati Freddy wa 2023 wakula motani. Pa mvula nkhani yake njoonekeratu. Gulu la TAMSAT la ku yunivesite ya Reading limawerengera mvula ya mu Africa poona maola amene nsonga za mitambo zakhala zozizira kupyola malire ena, pakati pa madigiri 30 ndi 60 pansi pa ziro, ndipo kaundula wake amayambira mu 1983. Ngati setilaiti imodzi imaonetsa mitambo yozizirirapo kuposa inzake yomwe inaisiyira malo, maolawo amachuluka, ndipo pepala limaonetsa mvula yomwe sinagwe m'munda mwa munthu. Manambala otere amalowa m'malipoti a chilala ngakhalenso mu inshuwalansi ya mbewu m'maiko ngati Zambia. Sikelo yogulira chimanga ikamanama ndi theka la kilo, pa thumba limodzi wogulitsa sadandaula kwenikweni, koma pa zokolola za boma lonse ndalama zake zimakhala zoti n'kuyambanitsa anthu.

Amene anayamba kukumana ndi vutoli pa dziko lonse ndi a ntchito ya ISCCP, yomwe kuyambira mu Julaye 1983 inkasonkhanitsa zithunzi za masetilaiti a America, Ulaya ndi Japan kuti ipange kaundula mmodzi wa mitambo. Zithunzizo zikalumikizidwa, msoko unkaonekera pomwe setilaiti ina yathera ndi pomwe ina yayambira. Anathetsa izi poziwongola zonse molingana ndi chipangizo cha AVHRR cha pa masetilaiti ouluka munsi a bungwe la ku America la NOAA, omwe amadutsa pansi pa setilaiti iliyonse yoima. Ngakhale zinali tero, mu 2007 a Amato Evan ndi anzawo anaonetsa kuti kuchepa kwa mitambo komwe kunkaoneka m'kaundulayo kunkagwirizana ndi kuchuluka kwa masetilaiti. Setilaiti ikamayang'ana dera mopendekera imaona mitambo yambiri kuposa ikamaliyang'ana chindunji, ndiye madera amene anapeza setilaiti yawoyawo anaoneka ngati mitambo yawathawa.

Chodabwitsa m'mbiri imeneyi n'chakuti chipangizo chabwino chinkabwera ndi bodza lake latsopano. GOES-8, ya mu Epulo 1994, inasiya kupota. Inkangoyang'ana dziko nthawi zonse, ndipo ichi chinali chitukuko chachikulu, poti setilaiti yopota imathera nthawi yake yambiri ikuyang'ana kuthambo. Koma kupota kuja kunkagawa kutentha kwa dzuwa mofanana mbali zonse. Tsopano pakati pa usiku, dzuwa likakhala kuseri kwa dziko, kuwala kwake kunkalowa pakhomo penipeni pa chipangizo n'kutenthetsa za m'kati. Kufunda kumeneko kunkagwera pa blackbody n'kubwerera m'chipangizo, choyezeracho n'kuyamba kunama kwa maola angapo usiku uliwonse. Galasi lotembenuka nalo linapezeka kuti limatulutsa kufunda kwake mosiyana likaloza kum'mawa ndi likaloza kumadzulo, moti thambo lopanda kanthu linkaoneka lofunda mosiyana mbali ziwiri za dziko. A Michael Weinreb ndi anzawo ku NOAA anachita kulemba masamu owongolera zimenezi setilaiti ili kale m'mwamba. Tione bwino apa: blackbody, yomwe inaikidwa kuti ikhale yoweruza, ndiyo inasokonezeka, ndipo chinaiulula ndi kusagwirizana kwake ndi zinthu zina.

Zipangizo zoyeza mpweya msinkhu ndi msinkhu, zomwe akatswiri amazitcha sounder, zinali zovutirapo. Choyamba pa setilaiti yoima chinali VAS pa GOES-4 mu 1980. Chipangizo chotere chimazindikira kufunda ndi chinyezi cha mpweya wa m'mwamba kuchokera pa kusiyana kwakung'ono pakati pa matchanelo oyandikana, ndiye kulakwa kwa digiri imodzi, komwe pa chithunzi sikuoneka, kumapotoza zotsatira zonse. Ankazitsimikizira ndi mabaluni, omwe amauluzidwa kawiri pa tsiku, koma zoyezera chinyezi za pa mabaluniwo nazonso zimalephera mu mpweya wozizira kwambiri wa m'mwamba. Kwa nthawi yaitali sizinali zapafupi kunena kuti wolakwa ndani.

Zinthu zinasintha pamene zipangizo zoona matchanelo zikwizikwi zinakwera pa masetilaiti ouluka munsi: AIRS mu 2002 ndi matchanelo 2,378, kenaka IASI pa Metop-A mu 2006 ndi matchanelo 8,461. Chifukwa IASI imagawa kuwala mwatsatanetsatane chotero, munthu atha kuwerengera zomwe tchanelo iliyonse ya setilaiti yoima inayenera kuona pa malo omwewo ndi mphindi zomwezo. Mu 2005 bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO pamodzi ndi la CGMS, lomwe limasonkhanitsa eni masetilaiti a zanyengo, anakhazikitsa mgwirizano wa GSICS kuti kuyerekeza kotere kuzichitika tsiku lililonse ndi njira imodzi. Chimodzi mwa zomwe unavumbula chinali pa SEVIRI, kamera ya matchanelo 12 ya Meteosat za m'badwo wachiwiri, yomwe yakhala ikujambula Africa mphindi 15 zilizonse. Tchanelo yake ya 13.4 micron inkapatuka pang'onopang'ono kuchoka pa IASI, ndipo akatenthetsa chipangizo kuti achiyeretse, inkabwerera mwadzidzidzi. A Tim Hewison ndi a Johannes Müller anafotokoza mu 2013 kuti chinyezi chotsalira m'setilaiti chinkaundana pa mbali zozizira za chipangizo, ndipo ayezi wopyapyalayo ankasefa mbali ina ya kuwala kwa tchaneloyo. Blackbody sikanatha kuulula zimenezi mokwanira, chifukwa kuwala kwake n'kosalala, pamene kwa mpweya wa dziko kumasintha kwambiri m'kati mwa tchanelo yomweyo.

Funso lolemera kwambiri n'lakuti, nanga IASI amaiyeza ndani? Ngati aliyense akutsamira pa mnzake, kodi onse sangagwere mbali imodzi osadziwa? Funsoli n'loona ndipo siliyenera kupeputsidwa. Ndondomeko ya mwezi ija imadziwa bwino kwambiri kusintha kwa chipangizo pakapita zaka, koma pa kuchuluka kwenikweni kwa kuwala ikhoza kuphonya ndi maperesenti angapo. IASI nayo inayesedwa pansi n'kukwera roketi ngati zinzake. Yankho lomwe lilipo n'lakuti zoyerekezerazo sizilakwa mofanana. AIRS ndi IASI zinapangidwa ndi anthu osiyana, mwa luso losiyana, zimauluka pa maola osiyana, koma zimagwirizana mpaka pa kachigawo kakang'ono ka digiri. Mchenga wa ku Libya, mitambo ya mabingu ndi mwezi zilibe chifukwa chonamizira pamodzi. Zimenezi sizipereka choonadi chotheratu, koma zimachepetsa malo omwe kulakwa kungabisale, ndipo pa ntchito yofuna kudziwa ngati nyengo ikusintha, kudziwa kuti chipangizo cha 1985 ndi cha 2020 zikulankhula chimodzimodzi ndi theka lalikulu la nkhondoyo.

Otsutsa ena amati zonsezi ndi za makina akale, popeza Himawari-8 ya 2014 ndi GOES-16 ya 2016 zili ndi matchanelo 16 komanso choyezera kuwala kwa dzuwa m'kati mwawo. Eni ake a makinawo sanaganize choncho. Mu 2017 anaulutsa ndege ya NASA ya ER-2 pamwamba pa chipululu cha Sonora kuti iyeze malo omwewo amene GOES-16 inkayang'ana. Chaka chotsatira GOES-17 inapezeka ndi vuto pa mapaipi oziziritsira kamera, moti matchanelo ena a infrared ankasokonezeka usiku pa miyezi ina, ndipo GOES-18 inailowa m'malo mu Januwale 2023. Ku Ulaya, setilaiti yoyamba ya Meteosat ya m'badwo wachitatu inanyamuka mu Disembala 2022, koma kumayambiriro kwa 2024 gawo loyendetsa zoyezera za m'kati mwa kamera yake linachita vuto. Bungwe la EUMETSAT ku Darmstadt, lomwe limayendetsa Meteosat, linatembenukira ku njira zakunja zija, kuphatikizapo kuyerekeza ndi IASI, ndipo mu Disembala 2024 setilaitiyo inayamba ntchito yake pa dzina la Meteosat-12. Zithunzi za Africa zomwe maofesi a zanyengo akulandira kuchokera kwa iyo zikuwongoledwa ndi njira zomwe zinabadwa chifukwa makamera akale analibe choyezera chodalirika.