Kulipira, Kulolera ndi Kuvomera pa Renki ya Chongwe

Kuchokera ku Lusaka kufika m'tauni ya Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East, munthu akati "takisi" uyenera kufunsa kuti iti. Ilipo yoima pa renki, yosanyamuka mpaka itadzaza. Ilipo ya bukingi, imene umaitenga yonse wekha mutagwirizana mtengo ndi dalaivala. Ndiye yabwera ya pa foni, monga Yango imene inafika m'Zambia mu 2022, yopezeka msanga cha ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda koma yosowa ukamalowera kumidzi. Galimoto ikhoza kukhala Corolla yomweyo. Chosiyana ndi chimene akatswiri a zamaulendo amachitcha mlingo wa ntchito: udikira nthawi yaitali bwanji, ukhala motakasuka kapena mopanikizana, akutula pakhomo kapena pamphambano, mtengo ukuudziwiratu kapena mukanganirana pofika.

Mawu ena a akatswiriwa ndi kufunitsitsa kulipira, kutanthauza ndalama yomalizira imene wokwera angatulutse asanatembenuke n'kupita kukakwera minibasi. Ndalamayi imakhala mumtima, ndipo siyenera kufanana ndi mtengo wotchulidwa pa renki. Poiyeza, ena amafunsa anthu kuti angawonjezere zingati galimoto itakhala yosadzaza. Koma pakamwa salipira, choncho ena amangoyang'ana zochita. Taonani mayi amene wabereka mwana wotentha thupi. Mpando umodzi watsala, dalaivala wazimitsa injini. Mayiyo akumasula mfundo ya chitenje n'kunena kuti, "Adalaivala, tiyeni, wotsalawo ndilipira." Pamenepo wasonyeza mtengo wa nthawi yake momveka kuposa pepala lililonse la mafunso.

Komabe muyeso umenewu ndimaukayikira ukamagwiritsidwa ntchito wokha, chifukwa umayeza thumba pamodzi ndi chikhumbo. Wophunzira wa ku Chalimbana ndi mlimi wa ku Kanakantapa amafuna mpando wabwino mofanana ndi mlendo wotsika ndege. Kungoti alibe yowonjezera. Akakhala anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, thumba la chimanga lili pamiyendo, wowerengera amalemba kuti okwera avomera. Ayi, alolera. Kuvomera kumafuna kuti pakhale china chimene ukanasankha n'kuchisiya. Nthawi ya dzinja, msewu wafumbi utasanduka matope, galimoto ikabwera imodzi dzuwa likulowa, amene wakana kupanikizana wagona panjira.

Dalaivala naye ali ndi mawu ake olemera: kashing'i, ndalama yokapereka kwa mwini galimoto kaya tsiku layenda bwino kaya ayi. Mu 2022 bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta la ERB linayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, pomwe mtengo wa pa renki susintha mwachangu chotero. Onjezani ya pa tolo geti ya Chongwe ndi matayala odyedwa ndi miyala. Munthu wachisanu ndi chimodzi uja nthawi zambiri ndiye ndiwo za kunyumba kwa dalaivala.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo. Mpando wofewa wokwera amauona, ndipo akhoza kuulipirira. Mabuleki sawaona. Sadziwa ngati galimoto inayesedwa ku bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA, ngati ili ndi inshuwalansi yoteteza okwera, kapena ndi ija anthu amaitcha payireti, yonyamula anthu popanda chilolezo. Payireti imatchipa chifukwa yadumpha ndalama zomwezo, ndipo wokwera amazindikira kusiyana kwake ngozi itachitika kale. Chifukwa chake mabuleki, matayala ndi inshuwalansi sizingasiyidwe kuti msika uziyeze ndi kufunitsitsa kulipira. Zimenezi n'za lamulo, ndipo oyendera galimoto ayenera kufika mpaka pa marenki a kumidzi, osathera pa msewu wa tala.