Kucokera pa Lamya ya PTC Kufika mu Katondo Street

Mukamakangana m'basi ya ku Chelstone kuti foni yabwino ndi iti, Tecno kapena iPhone, mukafunsekonso ambuya anu. M'masiku ao lamya ya PTC inali kupezeka kwambiri m'maofesi ndi m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands. Anthu wamba anali kulemba kalata n'kukaponya ku positi ya mu Cairo Road.

Mu 1994 PTC inagawidwa pawiri, Zamtel ndi Zampost. Pambuyo pake kunabwera mafoni a m'manja. MTN inagula Telecel mu 2005. Zamcell inasanduka Celtel, kenako Zain mu 2008, ndi Airtel mu 2010. Wokhala ndi Nokia 3310 anali bwana, wosowa talktime anali kungopeja. Mafoni atachipa, ogulitsa ndi okonza anadzaza mu Katondo Street.

Koma pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa. Pa iPhone ya ku Kabulonga ndi pa Itel ya ku Kabwata mauthenga anangoti zii cimodzimodzi. Acinyamata anathamangira VPN, mpaka khoti lalikulu linalamula ZICTA kuti itsegule.

Conco pokangana za mafoni, tizifunsanso kuti makiyi a netiweki ali m'manja mwa ndani.