Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Njinga Zamoto Zotchedwa Scrambler



Lero ndikamba za njinga yamoto. Musadabwe kuti nkhalamba yozolowera kukamba za chinamwali ndi chinkhoswe yalowerera bwanji m'nkhani za amakaniko. Chidachititsa n'chakuti mmodzi wa adzukulu anga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adanditumizira pafoni chithunzi cha njinga imene akufuna kugula. Njingayo idali ndi nyali imodzi yozungulira, chishalo chathyathyathya, magudumu a masipoko, matayala a mano ngati a thalakitala, ndiponso mapaipi a utsi odutsa m'mwamba pafupi ndi ntchafu ya wokwera. Ine ndidayesa kuti ndi yakale imene wina waitsuka bwino, koma iye adati yangotuluka kumene m'fakitale. Adaonjeza kuti adzabwera nayo kumudzi pa Khirisimasi, mvula ili pakati, popeza ndi njinga ya m'tchire. Mawu amenewa ndiwo adandikhazika pansi kuti ndilembe mbiri ya njinga za mtundu umenewu, chifukwa safunsa adadya phula.

Kumene zidayambira

Njingazi amazitcha scrambler, ndipo dzinali lidabadwira ku England. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Angerezi adali ndi mipikisano yoyesa luso la wokwera ndi kulimba kwa njinga yake. Ankadutsa m'mitsinje, m'miyala ndi m'zitunda, oweruza ataima m'malo ovutawo kuti aone amene waponda phazi pansi kapena amene injini yamuzimira. Umodzi wa mipikisano yotereyi, wa Scottish Six Days Trial, udayamba m'chaka cha 1909 ndipo ukuchitikabe mpaka lero.

M'chaka cha 1924, okonda njinga a ku Camberley, m'dera la Surrey, adakonza mpikisano wamtundu wina. Adachotsa oweruza a m'njira aja n'kugwirizana kuti wopambana akhale amene wafika msanga basi. Popeza malamulo adali atasintha, dzina lakale silikadayenera, choncho adautcha scramble. Liwuli limatanthauza kulimbirana kopanda dongosolo, monga momwe ana amachitira mango akagwa mumtengo. Amene mudakhala m'kalasi ya mbiri yakale mukulikumbukira pa nkhani ya momwe maiko a ku Ulaya adalimbiranira Africa m'zaka za m'ma 1880. Masewerowa atawolokera ku France ndi ku Belgium adapatsidwa dzina lakuti motocross, limene ambiri akulidziwa lero.

Chilichonse chidali ndi chifukwa

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Masiku amenewo kudalibe fakitale yopanga njinga za m'tchire. Munthu ankatenga njinga yomwe amapitira kuntchito, n'kuisintha ndi manja ake kuti ipirire thengo.

Paipi ya utsi ankaikweza chifukwa ikakhala pansi imagunda miyala ndi zitsa, ndipo powoloka mtsinje madzi amalowamo. Matayala ankasankha a mano akuluakulu chifukwa osalala amaterereka m'matope. Madigadi ankawadula kapena kuwakweza, popeza matope akadzaza pakati pa tayala ndi madigadi gudumu limakana kuzungulira, monga amadziwira aliyense amene adapalasapo njinga yakapalasa m'dothi la makande. Mahandulo ankaika otambalala kuti munthu athe kulimbana ndi gudumu lakutsogolo likamakankhidwa ndi miyala. Masipoko amapirira kugunda, ndipo imodzi ikathyoka umangosintha yomweyo. Nyali, magalasi ndi zina zolemetsa ankazichotsa. Pansi pa injini ankamangapo chitsulo choiteteza.

Palibe chimodzi mwa zinthuzi chidapangidwa kuti anthu achite nacho kaso. Zili ngati nkhokwe ya kwathu kuno. Makolo adaiimika pamiyala ndi pamitengo, osaikhazika padothi, chifukwa cha chinyontho ndi chiswe. Mlendo akhoza kuiona n'kunena kuti yakongola, koma woimanga ankaganiza za chimanga chake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, masewerowa adakula kwambiri. Makampani a ku England monga BSA, Triumph, Matchless ndi AJS adayamba kugulitsa njinga zokonzedweratu kuti zikapikisane. M'zaka za m'ma 1960 wailesi yakanema ya BBC inkaonetsa mipikisanoyi Loweruka masana, anthu n'kumaonera ali m'nyumba zawo. Jeff Smith, pa njinga ya BSA, adakhala katswiri wa dziko lonse m'chaka cha 1964 ndi cha 1965.

M'chipululu cha ku America

Kutsidya la nyanja, ku California, kudalibe matope ambiri ngati a ku England. Kudali chipululu cha mchenga ndi miyala, ndipo anyamata ankapikisana mitunda italiitali. Njinga imene adaikonda kwambiri idali Triumph TR6 Trophy, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1956. Mmodzi wa akatswiri a m'chipululumo adali Bud Ekins, amenenso ankagulitsa njinga za Triumph, ndipo bwenzi lake lidali Steve McQueen, katswiri wa mafilimu.

M'chaka cha 1963 kudatuluka filimu ya The Great Escape, yokamba za akaidi a nkhondo othawa m'manja mwa asilikali a ku Germany. M'filimumo muli pamene McQueen akuoneka akudumpha mpanda wa waya ndi njinga yamoto. Anthu miyandamiyanda adamutama, koma amene adadumphadi adali Ekins. Njinganso yomwe idali Triumph ya ku England imene adaipaka utoto kuti ioneke ngati ya asilikali a ku Germany. Choncho chithunzi chimene chidatchukitsa njingazi padziko lonse chidali cha munthu wina pa njinga yovala zovala za eni. Komabe tisamuchepetse McQueen, pakuti adalidi wokwera waluso. M'chaka cha 1964 iye ndi Ekins adali m'gulu loimira America pa mpikisano wa masiku asanu ndi umodzi umene udachitikira ku East Germany.

Amalonda ataona kuti achinyamata a ku America akukonda njingazi, adayamba kupanga zoyenda mumsewu koma zooneka ngati za m'chipululu. M'chaka cha 1962 kampani ya Ducati ya ku Italy idatulutsa njinga yake yotchedwa Scrambler, popemphedwa ndi abale a banja la Berliner amene ankaigulitsira njinga ku America. Chaka chomwecho Honda ya ku Japan idatulutsa CL72. Pofuna kuonetsa kulimba kwake, Dave Ekins, mng'ono wake wa Bud, ndi mnzake Bill Robertson adaikwera kuchokera ku Tijuana kukafika ku La Paz m'dziko la Mexico, ulendo wa makilomita opitirira 1,500 m'njira zoipa, ndipo Ekins adafika asadathe maola 40.

Tsabola wakale sawawa

Ufumu wa njingazi sudakhalitse. Injini zake zidali zazikulu ndi zolemera, ndipo m'matope kulemera ndi mdani. Makampani monga Husqvarna ya ku Sweden ndi CZ ya ku Czechoslovakia adabwera ndi njinga zopepuka, za injini yotentha petulo pamodzi ndi oyilo, zija zimatulutsa utsi wobiriwira ndi kulira mokweza. Zimenezi zidayamba kupambana mipikisano. M'chaka cha 1968 Yamaha idatulutsa DT-1, njinga imene idalingaliridwa kuchokera pachiyambi kuti iyende m'thengo ndi mumsewu momwe, yopepuka ndiponso yotsika mtengo. Mlendo adabwera ndi kalumo kakuthwa. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1970, BSA idali itagwa, Ducati idasiya kupanga Scrambler yake, ndipo m'chaka cha 1983 fakitale yakale ya Triumph ya ku Meriden idatsekedwa.

Apa ndi pamene mbiriyi imakhudza ife. Zidzukulu za DT-1 ija ndizo zidafika m'midzi mwathu. Amene mudakula kumudzi mukukumbukira mthuthuthu wa Yamaha DT wa alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zamaphunziro. Ife aphunzitsi tinkaumva ukulira kutsidya la dambo, tikatero aliyense ankathamangira kukakonza mabuku ake. Njinga imeneyo idalibe ulemerero. Idali ya matope mpaka pathanki, chikwama cha mapepala chitamangidwa ndi mphira kumbuyo. Koma ikatitimira, anyamata awiri a Sitandade 8 ankainyamula n'kuiwolotsa. Ntchito imene anyamata a ku Camberley adaiyamba ngati masewero, kwathu kuno idafikitsa katemera ndi malangizo a mbewu kumene galimoto silikadafika.

Madzi abwerera m'khwawa

Akulu adati madzi saiwala khwawa. Dzina la Triumph lidagulidwa ndi John Bloor, munthu womanga nyumba zogulitsa, amene adatsegula fakitale yatsopano ku Hinckley n'kuonetsa njinga zake zoyamba m'chaka cha 1990. M'chaka cha 2006 kampaniyi idatulutsa njinga yotchedwa Scrambler, yokhala ndi mapaipi awiri a m'mwamba ndi maonekedwe a TR6 ya m'chipululu ija. Ducati idaonetsa Scrambler yake yatsopano m'chaka cha 2014 n'kuyamba kuigulitsa m'chaka cha 2015. BMW idatsatira m'chaka cha 2016. Pambuyo pake Royal Enfield ya ku India idapanga zake, ndipo Triumph, mogwirizana ndi Bajaj ya ku India komweko, idatulutsa yaing'ono yotchedwa Scrambler 400 X.

Ogula ambiri ndi anthu a m'mizinda. Ena ndi achikulire amene adaonera McQueen ali anyamata, ena ndi achinyamata otopa ndi njinga zokutidwa ndi pulasitiki. Opanga amadziwa bwino chimene akugulitsa. Chitsanzo chimene chidandiseketsa ndi ichi: patapita zaka zochepa chitulukire Scrambler ya 2006, Triumph idasiya kugwiritsa ntchito kabuleta n'kuika zipangizo zamakono zopopera mafuta mu injini, koma idaziumba kuti kunja zizioneka ngati kabuleta yakale, kuti diso la wogula lisakhumudwe.

Njingazi ndi zabwino ndithu. Mabuleki ake ndi amphamvu kuposa a makolo ake, sizidontha oyilo, ndipo pamsewu wafumbi wosalala zimayenda bwino. Zina ndi za m'tchire zenizeni, monga Scrambler 1200 XE ya m'chaka cha 2019, imene ili ndi gudumu lakutsogolo la mainchesi 21 ndi masipuling'i aatali. Koma zambiri ndi njinga za pamsewu wa tala zimene zavala zovala za m'thengo. Zikuluzikuluzo zimalemera makilogalamu opitirira 200, pamene DT ya alangizi ija idali pafupifupi theka la pamenepo. Pansi pake ndi pafupi ndi dothi, masipuling'i ake ndi aafupi, ndipo mano a matayala ake ndi osaya. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mdzukulu wanga ndidamuuza kuti ngati waikonda agule, koma ayambe wafunsa kulemera kwake ndi kutalika kwake kuchokera pansi, ndipo ngati akufuna kudzatiyendera nayo adikire mwezi wa June, madambo atauma.

Phunziro la kwathu

Tsopano mwina mwaona chifukwa chake nkhaniyi ili pakati pa nkhani za miyambo. Pitani ku chinkhoswe cha m'tauni masiku ano. Mudzaona amalume akusinthana tambala ndi msoti. Mnyamata adzapatsidwa nkhwangwa, khasu ndi chikwanje, mtsikana lichero, mthiko ndi tsache. Anthu adzaimba nthungululu, ojambula adzajambula. Mnyamatayo amagwira ntchito mu ofesi ndipo sadzadula mtengo, choncho nkhwangwa ija idzagona kuseri kwa chitseko mpaka kuchita dzimbiri.

Ine sindidzudzula zimenezi. Mphini yobwereza imawala, ndipo mwambo wochitidwa mwachikondi, ngakhale m'holo ya lendi, ndi wabwino kuposa woiwalika. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene maonekedwe atsala okha. Nkhwangwa idali kuuza mwamuna kuti udindo wosamala banja uli pa iye. Nkhoswe adali munthu wodziwa banja lonse, amene angadzutsidwe pakati pa usiku mkangano ukabuka, n'kuyenda mtunda kukakhazika awiriwo pansi. Lero ena amasankha nkhoswe chifukwa ali ndi suti yabwino ndiponso amatha kuyankhula pa maikolofoni. Patsiku la mwambo zonse zimaoneka zokwanira, monga njinga ija pachithunzi. Mvula ikagwa m'banjamo, nkhosweyo foni yake sipezeka.

Choncho adzukulu anga, mukalandira chinthu cha makolo, kaya ndi mwambi, kaya ndi mwambo, kaya ndi dzina, muzifunsa kuti adachipangira vuto lanji. Vutolo likakhala kuti lidatha, chisungeni ngati chokongoletsa, ndipo muzidziwa kuti ndi chokongoletsa. Likakhala kuti likadalipo, monga momwe mikangano ya m'banja ikadalipo, onetsetsani kuti chimene mwanyamulacho chingagwiredi ntchito yake. Paipi ya utsi yokwezedwa payokha siwolotsa munthu mtsinje wodzaza.

Mdzukulu uja adandiyankha kuti wamva, ndipo adzabwera pa basi. Tikumudikira.