Chibwela Kumushi: kubwerera kumudzi ambuya akali ndi moyo

Lero ndalemba zazitali, mundikhululukire. Ngati foni ili pafupi kuzima, yambani mwaitchaja.

Mukachoka ku Lusaka ndi msewu wa Great East n'kupitirira Chongwe, mumafika pa Chinyunyu, paja pali madzi otentha otumphuka pansi. Ambiri mumapadziwa chifukwa cha madziwo chabe, kapena matumba a malasha a m'mbali mwa msewu. Koma dera limenelo ndi la Mfumu Bunda Bunda, mmodzi wa mafumu a Asoli m'boma la Rufunsa pamodzi ndi a Mpanshya ndi a Shikabeta, ndipo kumeneko kumachitika mwambo wotchedwa Chibwela Kumushi. Dzinalo silifuna womasulira: kubwerera kumudzi. Boma la Rufunsa ndi ladzulodzulo, linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Mwambowu ndi wa makolo.

Nanga anthu ankabwerera kuchokera kuti? Ambuya anga, amayi awo a amayi, ankatiuza kuti kale minda inali kutali ndi mudzi. Mbewu zikayamba kucha, mabanja ankasamukira kumunda, n'kumanga misasa, kuti alinde mapira ndi chimanga kwa mbalame, anyani ndi nguluwe. Miyezi ingapo mudzi unkakhala zii. Otsalamo anali okalamba amene miyendo sinkawalolanso, ndi tiana tingapo towatungira madzi. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, aliyense ankabwerera. Ankafulula mowa, ng'oma zinkalira, amakumbukira amene anamwalira, ndipo makanda obadwira kumisasa ankaonetsedwa kwa akulu kuti awadziwe. Taonani bwino pamenepa: anthu sankabwerera ku nyumba za udzu, zimene chiswe chinali chitayamba kale. Ankabwerera kwa anthu amene anawasiya.

Ndipo anthuwo anali ndi ntchito. Kwa Asoli, monga kwa Achewa ndi Ansenga, mwana amatsata mtundu wa amayi ake. Choncho ambuya aakazi ndiwo anali buku la banja. Ndiwo ankadziwa kuti uyu ndi uyu sangakwatirane chifukwa bere lawo ndi limodzi, kuti malire a munda ndi mtengo uti, kuti dzina la malemu uje lipite kwa khanda liti. Mdzukulu ankatha kufunsa ambuya zimene sakanayerekeza kufunsa amayi ake, chifukwa pakati pa ambuya ndi mdzukulu pamaloledwa nthabwala. Inu amene munakulira kumudzi mukukumbukira ambuya akukutchulani "amuna anga" muli ndi zaka zisanu, mamina ali mbwee.

Zinthu zinayamba kusintha pamene British South Africa Company inabweretsa msonkho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama sizinkamera m'munda wa mapira. Njanji inafika pa Lusaka mu 1905, pa Broken Hill, Kabwe ya lero, mu 1906. Anyamata anayamba kupita kumgodi wa Broken Hill, kumapulazi a azungu a m'mbali mwa njanji, ena ku Southern Rhodesia, kenako kumigodi ya kopa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malo, nthaka yabwino ya pafupi ndi njanji n'kuisungira azungu, eni dziko n'kuwakankhira kumalo otchedwa ma reserve. Mu 1935 likulu linachoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka, pa nthaka imene Asoli ankalima ndi kusakamo nyama, ndipo mzindawo unayamba kumeza ana a m'midzi yonse ya kum'mawa kwake.

Ulendo wa kumunda unali wa miyezi. Ulendo wa kumgodi unali wa zaka, ndipo ena sanabwerenso, aja tinkawatcha matchona. Ndani anasunga akazi ndi ana otsala? Okalamba omwe aja. Aka kanali koyamba.

Msewu unakonzedwa, mlatho wa pa Luangwa umene tikuwolokapo lerowu unatsegulidwa mu 1968, mabasi anachuluka. Mukanaganiza kuti msewu wabwino ubweza anthu kumudzi. Iai, unangofewetsa kuchoka. Komabe m'zaka zimenezo makolo ambiri a m'tauni ankatumiza ana kwa ambuya masukulu akatsekera. Ine ndinali mmodzi wa ana otere. Tinkatsika basi ndi kathumba ka shuga, mchere ndi sopo, n'kubwerera ku Lusaka ndi nshawa, maungu ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Chisoli chochepa chimene ndimadziwa ndinachiphunzira pa maholide amenewo, pamoto, osati kusukulu.

Kachiwiri kanali koopsa, ndipo ambiri a inu simufuna kukumbutsidwa. Matenda a Edzi anadziwika m'Zambia mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake Masuzgo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi matendawa. Kafukufuku wa boma wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pafupifupi anthu 16 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo, ndipo mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma cha mu 2005. Zaka za pakatipo zinali za maliro. Msewu uja unatenga ana athu ali amphamvu unayamba kuwabweza ali pa matiresi kumbuyo kwa galimoto. Ankabwera kudzafera m'manja mwa amayi awo, n'kusiya ana. Chibwela kumushi cha zaka zimenezo chinali chimenecho, mwandi.

Ambuya anga anaika m'manda ana awo atatu m'zaka zisanu. Ali ndi zaka zopitirira 70 anagwiranso khasu lalikulu, kulera adzukulu asanu ndi mmodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ankaphika chikanda ndi kuumitsa ndiwo zamasamba kuti apeze ya mabuku ndi yunifomu. Sanali okha. Funsani m'banja lanu lomwe, mupeza nesi, mphunzitsi kapena dalaivala amene analeredwa ndi nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lake. Boma lenilenilo linazindikira mochedwa kuti nyumba zambiri zosauka kwambiri zinali za okalamba olera ana amasiye. Ndalama za Social Cash Transfer zinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo ku Katete mu 2007 anayesa kupatsa kandalama ka mwezi ndi mwezi aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Ndi thandizo ndithu, sindikulinyoza. Koma silitunga madzi, silifunsa kuti mwagona bwanji.

Manje apa pali chinthu chimene chimandiwawa, ndipo ndichinena ngakhale ena mukwiye. Nkhalamba zomwezi, zimene zinanyamula mabanja kawiri konse, ndizo lero tikuzitcha mfiti. Mwana akadwala, bizinesi ikagwa, mnyamata akalephera mayeso, chala chimaloza kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Ambuya akayamba kuiwala maina, kuyankhula okha, kapena kutuluka usiku osadziwa kumene akupita, timati agwidwa akutamba, pamene ndi matenda a ukalamba amene a chipatala amawadziwa bwino. Lamulo la Witchcraft Act, limene lilipo kuyambira 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma lamulo lili ku Lusaka, ambuya ali okha kumudzi. Ndaona ine kuti nkhalamba imene adzukulu ake amabwera kawirikawiri, galimoto n'kuima pakhomo, anthu amaopa kuiloza chala. Amene amalozedwa ndi uja pakhomo pake pamera udzu.

Ndisadziyeretse. Zaka zinayi zomaliza za ambuya anga sindinapiteko. Ndinkatumiza ndalama pa foni ya msuweni wanga mwezi ukatha, n'kumadziuza kuti ndachita mbali yanga. Iwo ankangotumiza mawu amodzimodzi: "Muuzeni abwere, ndimuonetse malire a munda." Ndinkati Ogasiti, Ogasiti akafika ndinkati Khirisimasi. Tsiku limene ndinakwera basi, ndinakwera ndi bokosi. Pa maliropo tinasonkhana anthu oposa 100, ena sitinaonane zaka 20, ndipo panapezeka ndalama za mabasi awiri, matumba a ufa, kabichi ndi nkhuku, zimene sizinapezeke ali moyo. Atatha maliro, akulu anakhala pansi kuti atchule mzere wa banja, ndipo tinakakamira pa dzina la amayi awo a ambuya. Palibe ankalidziwa. Mlandu wa malire a munda uja uli kwa a nyakwawa mpaka lero.

Watsala mng'ono wawo mmodzi, amakhala cha ku Mpanshya. Maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Tapangana pa gulu la banja la pa WhatsApp kuti chaka chino tikakolola, masukulu akatsekera mu Ogasiti, tikagona kumeneko masiku atatu, popanda maliro, popanda ukwati. Ena ayamba kale kudandaula za mtengo wa basi, ena akufunsa ngati kuli netiweki. Mlongo wanga wa ku Kanyama wati abweretsa bulangeti ndi kapenta. Ine ndagula kabuku ka masamba 96 ndi mabolopeni awiri, ndipo mwana wanga wamkazi wa giredi 7 ndiye adzalemba. Funso loyamba ndalemba kale pa tsamba loyamba: amayi anu anali ndani dzina, ndipo anachokera mudzi uti?