Ndere, Mvula ndi Ukwati Wosaoneka

Zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, mtunda unali miyala ndi fumbi lokhalokha. Zobiriwira zonse zinali m'madzi. Kenaka ndere zina za m'madzi opanda mchere zinayamba kupirira matope akauma, ndipo mwa izo munachokera zomera zonse za pamtunda. Nyanja ya Malawi kunalibe. Iyo yangobwera zaka mamiliyoni ochepa apitawa.

Mbadwa zina za zomera zoyambazo zilipobe ku Salima. Sindikunena ndere zoterera zimene mbuna zimapala pamiyala ya ku Senga Bay, koma tina tofewa, tatimasamba, tomera m'ming'alu ya mthunzi ndi m'tsinde mwa zipupa mvula ikakhazikika. Tilibe maluwa, tilibe njere. Madzi tinawasiya, koma pa nkhani ya kubereka sitinawatsanzike.

Pansonga pa kamtengo kake pamamera timatumba taumuna, kapena timabotolo ta khosi lalitali, kalikonse ndi dzira limodzi pansi pake. Mbewu yaumuna ili ndi timichira tiwiri, ndipo imayenera kusambira. Dontho la mvula likagwera pa timatumbato, limaimwaza. Ikafika pafupi, imatsata mankhwala otuluka m'khosi muja mpaka kupeza dzira. Ulendo wonse kawirikawiri ndi wa masentimita ochepa chabe.

Chodabwitsa chili apa. Dzira silisanduka njere. Limakula pomwepo n'kukhala kaphesi kowonda ka kamutu pamwamba, kodya za mayi wake ngati mwana wa kumsana moyo wake wonse. Kamutuko kakauma kamatseguka, n'kuwaza fumbi lotchedwa spores, ndipo fumbilo ndi limene limameranso ndere zamasamba zija. Mibadwo iwiri yosafanana imasinthana choncho. Zomera za fern, monga zazitali za m'zigwa za phiri la Mulanje, zinatembenuza dongosololi: chachikulu chimene timachiona ndicho chowaza fumbi, pamene ukwati umachitikira pa kanthu kochepa kuposa chikhadabo, kogona pa dothi lonyowa.

Anthu anachedwa kuzizindikira. M'zaka za m'ma 1700, Carl Linnaeus anaunjika zomera zopanda maluwa m'gulu limodzi chifukwa sanaone pamene zimaberekera. Johann Hedwig, dokotala wa ku Germany, anajambula ziwalo zoberekera za ndere mu 1782 atazipenya pa maikulosikopu. Koma amene analumikiza nkhani yonse ya mibadwo iwiri, mu 1851, ndi Wilhelm Hofmeister, wogulitsa mabuku ku Leipzig amene sanaphunzire pa yunivesite. Kwa ine, dzina lake likuyenera malo aakulu m'mabuku a Biology kuposa amene limapatsidwa. Mu 2006 akatswiri a ku Sweden anaonjezapo kuti tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi timanyamulanso mbewu yaumuna ya ndere.

Zomera zina zinapeza njira ina zaka zoposa 350 miliyoni zapitazo: mungu ndi njere. Mungu susambira, umakwera mphepo kapena tizilombo touluka. N'chifukwa chake mango a ku Salima amachita maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala kulibe ndi dontho lomwe, pamene ndere yomera pafupi ndi nyanja yaikulu chonchi imangouma gwa, kudikira mvula ya Disembala. Nyanjayo siithandiza kanthu: madzi ofunika ndi okhawo ofika pansonga pake.